Kalata yotseguka: tionetseni malire a mumlengalenga tisanaumbe njerwa

Kwa olemekezeka akuluakulu amene muyang'anira za mabwalo a ndege, za mapulani a mizinda ndi za kagawidwe ka malo kuno ku Chigawo cha Kum'mawa, komanso kwa mafumu athu, anduna ndi makhansala a madera ozungulira bwalo la ndege la Chipata.

Ndapereka moni ndi manja awiri. Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi a kunyumba. Ndailemba poyera chifukwa nkhani yake si yanga ndekha, ndipo amene ikuwakhudza kwambiri ndi anthu amene sadziwa n'komwe kuti ikuwakhudza.

Ine ndine mmisiri womanga nyumba. Ndayala njerwa ku Kapata, ku Mchini, ku Kalongwezi, mpaka ku Katete ndi ku Sinda. Za ndege sindinaphunzire, ndipo sindinakwerepo. Koma za kutsetsereka kwa denga ndi za levulo ndizidziwa, ndipo n'zimene zandithandiza kumvetsa chimene chinagwera mlamu wanga.

Akulu anga atamwalira, mlamu wangayo anatenga ndalama zimene anasiyiridwa n'kugula puloti kunja kwa tauni, cha kufupi ndi bwalo la ndege. Sanachite mwachinyengo ayi. Kalata ya kwa mfumu anali nayo, ya chidindo. Pulani ya nyumba tinaijambulitsa, iye n'kupita nayo ku ofesi, n'kulipira zimene anauzidwa, pulaniyo n'kubwera itadindidwa. Maziko tinakumba okuya, ndi zitsulo zokwanira, chifukwa maganizo ake anali oti ana akadzakula tidzasanje nyumba ina pamwamba. Anakumbitsa boholo, ine n'kuitana wowotcherera zitsulo, tinaimika sitandi ya mamita 6 n'kukhazikapo thanki.

Patapita miyezi ingapo kunabwera galimoto. Munatuluka abambo atatu ndi makina oyezera, anayeza mwakachetechete, kenaka anati thankiyo yalowa m'njira ya ndege ndipo iyenera kutsika. Za nyumba yosanja anati aiwale. Ndinene zoona, anali anthu aulemu, sanakalipe. Koma mlamu wanga atafunsa kuti, "Nanga malirewo ali pati, kuti ndidziwe pofika?" anamuuza kuti apite ku ofesi. Ku ofesiko anamuloza ku ofesi ina. Ku inayo anati mapu ake ali ku Lusaka. Sinditchula kuti ndi ofesi iti, pakuti cholinga changa si kuchititsa munthu manyazi. Sitandi tinaidula. Madzi tsopano amatuluka pampopi ngati misozi, ndipo ndalama za simenti ndi zitsulo zimene tinakwirira m'maziko a nyumba yosanja zinangogona m'nthaka.

Akuluakulu amati safunsa anadya phula. Nanga wofunsa, wolipira, wodinditsa pulani, adyerenji phula?

Musandimve molakwa. Abambo aja sananame, ndipo lamulo limene anabwera nalo ndi labwino. Ndinakhala pansi ndi mwana wa mlongo wanga amene anaphunzira za ndege ku Lusaka, iye n'kundifotokozera, ine n'kumajambula pansi ndi kamtengo mpaka zinandilowa. Ndilemba pano zimene ndinamva, kuti anzanga amene awerenge kalatayi asadikire galimoto ija kuti iwaphunzitse.

Mu 1944 maiko anakumana ku Chicago n'kugwirizana za kayendedwe ka ndege zonyamula anthu, ndipo m'pamene panachokera ICAO, bungwe la maiko loona za ndege, limene likulu lake lili ku Montreal. Zambia ndi membala. Pakati pa mabuku a malamulo a bungweli pali lina lotchedwa Annex 14, lonena za mabwalo a ndege, ndipo mutu wake wachinayi ukamba za zinthu zotchinga njira. Kuno kwathu lamulo la 2012 linakhazikitsa Civil Aviation Authority, bungwe loyang'anira za ndege m'dziko muno, ndipo mu 2016 panabwera lamulo lina lalikulu la za ndege. Choncho bwalo la ndege silithera pa waya wa mpanda umene timauona tikamadutsa. Pamwamba pa minda, midzi ndi mapuloti ozungulira pali madenga osaoneka, oyezedwa bwinobwino, ndipo chinthu chilichonse chimene chaboola denga limodzi, kaya nyumba, kaya mtengo, kaya nsanja, chimawerengedwa kuti ndi chotchinga.

Denga loyamba ndi la kumapeto onse awiri a msewu umene ndege imathamangapo. Ndege siitera ngati mpheta, yongoti tsoo pansi. Imabwera chotsetsereka kuchokera kutali, ndipo ponyamuka imakwera pang'onopang'ono, makamaka ikalemedwa kapena injini imodzi ikafooka. Ndiye dengalo limayambira mamita 60 kuchokera pamene msewuwo wathera, lili pansi penipeni, n'kumakwera pang'onopang'ono uku likutambasuka m'mbali ngati khasu. Kakweredwe kake kamadalira kutalika kwa msewu. Tiyerekeze msewu wa mamita pakati pa 1200 ndi 1800, pamene woyendetsa amatera poona ndi maso: denga la njira yoterera limakwera mita imodzi pa mamita 30 alionse, ndipo limapita mpaka makilomita 3. Wamanga pa mamita 300 kuchokera poyambira paja ali ndi mamita 10. Wamanga pa mamita 150 ali ndi mamita 5 okha, kutanthauza kuti ngakhale nyumba wamba ya denga losongoka ili pamavuto.

M'mbali mwa msewu muli denga lina lokwera msanga, mita imodzi pa mamita 7 alionse. Limenelo limakwera mpaka likafike pa denga lalikulu lathyathyathya, limene lili mamita 45 pamwamba pa bwalo ndipo pa msewu wa msinkhu umenewu limazungulira makilomita 4. Kupitirira apo limayambanso kukwera ngati m'mphepete mwa beseni, mita imodzi pa mamita 20.

Munthu akamva mamita 45 amaseka, amati ndani ku Chipata angamange nyumba yaitali choncho? Apa m'pamene pali msampha, ndipo ndipempha kuti tichedwepo pang'ono. Mamita amenewa sawerengedwa kuchokera pansi pa puloti yako. Amawerengedwa kuchokera pa levulo ya bwalo la ndege. Ife amisiri timadziwa zimenezi ndi kapaipi kathu ka madzi: levulo siisamala kuti iwe waima pachulu kapena m'dambo. Tsono Chipata ndi tauni ya m'mapiri ndi zitunda. Aliyense amene anakwerapo Kanjala n'kuyang'ana pansi adziwa kuti kuno malo osalala ndi ochepa. Ngati puloti yako ili pachitunda chimene chakwera kale mamita 40 kuposa bwalo, ndipo ili mkati mwa makilomita 4 aja, watsala ndi mamita 5 basi. Mnzako wa kumunsi, amene ali pafupi ndi bwalo kuposa iwe, akhoza kusanja nyumba kawiri popanda mlandu. N'zimene zinachitikira mlamu wanga. Puloti yake ili pokwera pang'ono, poti munthu woyenda pansi sangazindikire n'komwe, koma pokwera pomwepo m'pamene panadya mamita amene thanki inafunika.

Ndiye munthu wamba adziwa bwanji? Ndi maso sangaone. Ndi tepi ya mamita 50 sangayeze. Pafunika saveya ndi makina, kapena mapu amene akatswiri anayeza kale. Dandaulo langa loyamba ndi limeneli, ndipo ena onse atuluka m'menemo: malire alipo, lamulo lilipo, koma anthu amene lamulolo liwagwira sanaonetsedwe. Malire a munda timaika bikoni, mwina kubzala khonje kapena nkhadze kuti mwana ndi mdzukulu adziwe. Malire a nkhalango ya boma ali ndi zikwangwani. Pansi pa mawaya akuluakulu a magetsi anthu adziwa kuti sipamangidwa, chifukwa mawayawo aoneka ndipo anthu anauzidwa. Malire a njira ya ndege okha ndi amene munthu amawadziwa tsiku limene wawadumpha.

Dandaulo lachiwiri ndi lakuti maofesi salankhulana. Lamulo la 2015 la mapulani a mizinda ndi zigawo limafuna kuti munthu atenge chilolezo asanamange. Mlamu wanga anatenga. Koma amene anadinda pulani anayang'ana kukula kwa zipinda, mawindo, chimbudzi ndi mtunda wochoka kumsewu. Palibe anafunsa kuti pulotiyo ili pati poyerekeza ndi bwalo la ndege. Chidindo chimodzi chinati manga, pakamwa pena panati tsitsa, onsewo ndi a boma limodzi. Kwa ife anthu wamba boma ndi boma. Sitidziwa kuti tebulo ili ndi la unduna uwu ndipo ilo ndi la bungwe lina. Tikaona chidindo timakhulupirira kuti mwakambirana.

Nkhaniyi imakula tikafika pa malo a mafumu. Lamulo la za malo la 1995 linaika malo onse a Zambia m'manja mwa Pulezidenti m'malo mwa anthu, ndipo limazindikira malo a chikhalidwe amene mafumu amayang'anira. Chipata inakhala mzinda mu 2017, ndipo aliyense aona m'mene ikufutukukira: kumene kunali minda ya chimanga ndi nshawa tsopano kuli maziko ndi milu ya mabuloko. Ambiri amene akumanga kumeneko akupeza malo kudzera kwa mfumu ya mudzi. Ndifunse mwaulemu: kodi pali amene anapita kwa mafumu amenewa ndi mapu m'manja, n'kuwaonetsa kuti kuyambira pamtengo uwu mpaka pamtsinje uwo, nyumba isapitirire apa? Mfumu siingaletse chimene siinauzidwe. Mawa anthu akadzadulitsidwa nyumba adzaloza mfumu chala kuti inawagulitsa malo oipa, chonsecho nayonso inali mumdima. Lamulo la 2015 lija limalola kuti akhonsolo ndi mafumu apangane za mapulani a malo a chikhalidwe. Khomo limenelo lilipo kale, lingofuna wolowapo.

Za mitengo ndinene mwachidule. Nyumba ikamalizidwa imaima pomwepo, koma mtengo sumva lamulo. Bulugamu amene mwana wabzala lero kuti adzapeze mapaso ndi milimo amatha kupitirira mamita 30. Anthu a zaulimi ndi a zankhalango amatilimbikitsa kubzala mitengo, ndipo achita bwino, mapiri athu ameteka. Koma kufupi ndi bwalo la ndege wina auze anthu kuti apa bzalani magwafa, mapapaya ndi malalanje, bulugamu mukabzale uko. Kudula mtengo wa zaka khumi kumawawa kuposa kusintha mbande ili m'chubu.

Tsono pali chimene chimandidya mumtima, ndipo ndichinena mosapsatira. Thanki ya mkazi wamasiye inaoneka msanga. Nanga nsanja za netiweki zimene zikumera pa chitunda chilichonse? Nanga makina onyamulira katundu m'mwamba amene makontirakitala akuluakulu amaimika akamamanga? Sindikunena kuti alibe zilolezo. Mwina ali nazo, ndipo mwina akatswiri anayeza n'kupeza kuti sizisokoneza, pakuti malamulo omwewo amalola kuti chinthu chiunikidwe pachokha, monga pamene chabisala kuseri kwa phiri limene silingasunthe. Koma ife sitiona zimenezo. Timangoona kuti chachitali chaima, chachifupi chadulidwa. Malamulo amati chotchinga chimene sichingachotsedwe chipakidwe utoto wofiira kapena wa olenji mosinthana ndi woyera, ndipo usiku chikhale ndi nyali. Amatinso chinthu chofika mamita 150 kuchokera pansi chionedwe ngati chotchinga ngakhale chili kutali ndi bwalo. Pali nsanja ina imene ndimaiona ndikamabwera kuntchito madzulo, nyali yake yofiira inazima kalekale. Ngati thanki ija ndi yoopsa, ndipo ndavomera kuti ndi yoopsa, nsanja yamdima ndi yotani? Muyeso ukhale umodzi, ndipo uoneke kuti ndi umodzi. Lamulo limene anthu aliganizira kuti lisankha nkhope amayamba kulizemba, ndipo ndi ife amisiri amene timauzidwa kuti, "Mangani usiku, akabwera apeza zatha."

Si zomanga zokha zimene zimatchinga ndege. Mbalame nazo ndi mdani. Mu Januwale 2009 ndege ina itangonyamuka ku New York inawombana ndi atsekwe, mainjini onse awiri n'kuzima, woyendetsa n'kukaitereza mumtsinje wa Hudson. Anthu onse 155 anapulumuka, koma sikuti tsiku lililonse mwayi umakhala wotero. N'chifukwa chake malangizo a ICAO amati dzala la zinyalala ndi zina zokopa mbalame ziunikidwe bwino ngati zili mkati mwa makilomita 13 kuchokera pabwalo. Makilomita 13 kuno kwathu ndiye kuti mbali yaikulu ya tauni ili momwemo. Amene amataya zinyalala m'mbali mwa msewu, amene amapha mbuzi ndi nkhumba n'kusiya matumbo poyera, adziwa kuti akhungubwe ndi akabawi amene akuwaitanawo angagwetse ndege? Sadziwa. Chimodzimodzi anyamata otentha tchire posaka mbewa m'chilimwe, ndi ootcha uvuni wa njerwa pafupi ndi kumene ndege imatsikira. Utsi wa Ogasiti ndi Sepitembala tonse timaudziwa m'mene umaphimbira mapiri. Onjezanipo tindege tating'ono tojambulira zithunzi timene masiku ano sitisowa paukwati ndi pachinkhoswe. Awa si anthu oipa. Ndi anthu oti atauzidwa m'chinenero chawo ambiri angamve.

Ndasungira kumapeto nkhani imene indiopsa kuposa zonse. Madenga aja sakhala chimodzimodzi mpaka kalekale. Msewu wa ndege ukatalikitsidwa, poyambira denga pamasunthira kutsogolo, kulowa m'midzi. Bwalo likaikidwa njira zoti ndege izitera motsogozedwa ndi zipangizo, ngakhale kuli mitambo, denga la kumapeto limatsika: pamene linali mita imodzi pa mamita 30 limakhala mita imodzi pa mamita 50. M'lifupi mwake poyambira mumachoka pa mamita 150 kufika pafupifupi 300, limatambasuka kwambiri, ndipo limapita mpaka makilomita 15. Tibwerere kwa uja wamanga pa mamita 300. Dzulo anali ndi mamita 10, lero ali ndi 6. Sanawonjezere njerwa ngakhale imodzi, koma nyumba yake yasanduka chotchinga.

Tonse tifuna kuti bwalo lathu likule. Chipata ndi likulu la chigawo, ndi chipata ndithu cholowera ku Malawi kudzera pa Mwami. Mu Febuluwale alendo amadzaza ku Mtenguleni pa Nc'wala, mu Ogasiti ku Mkaika pa Kulamba. Ulendo wa basi wochokera ku Lusaka umadya tsiku. Ku Mfuwe ndege zimatera ndi alendo okaona nyama ku South Luangwa, ndipo ifenso timalakalaka malonda otere. Koma ngati mumtima mwanu muli maganizo okulitsa bwaloli, kaya chaka chamawa kaya zaka makumi awiri zikubwerazi, malo ake ndi mlengalenga wake muyenera kuzisunga lero, kudakali minda. Ku Ndola bwalo lakale linazingidwa ndi tauni, ndipo mu 2021 kunatsegulidwa latsopano kunja kwa mzinda, la Simon Mwansa Kapwepwe, limene linadya ndalama pafupifupi madola 400 miliyoni. Ndani akhulupirira kuti ndalama zotere zidzapezeka msanga za Chipata? Njira yotsika mtengo ndi mapu, mabikoni ndi msonkhano pansi pa mtengo. Njira yodula ndi kugwetsa nyumba, kulipira chipukutamisozi, milandu ya kukhoti ndi misozi ya anthu. M'mera m'poyamba.

Choncho, olemekezeka, ndipempha izi.

1. Tulutsani mapu a malire a mumlengalenga a bwalo la Chipata, ndi a mabwalo ena a m'chigawo chino, ojambulidwa moti munthu wamba azindikire mudzi wake, msewu, sukulu ndi mtsinje. Pa dera lililonse palembedwe kuti kuchokera pansi pomwepo munthu angamange mamita angati, chitunda chitawerengedwa kale. Mapuwo apachikidwe kumene timapereka mapulani, kumabwalo a mafumu ndi pa intaneti, ndipo mawu ake akhale m'Chinyanja.

2. Ikani zizindikiro pansi, makamaka kumapeto onse awiri a msewu wa ndege, kumene denga lili pafupi ndi nthaka. Mizati ya konkire yopaka utoto, yolembedwa mamita, si ya mtengo wapatali. Amisiri a kuno tikhoza kuiumba.

3. Pulani ya nyumba, ya tchalitchi, ya sitandi ya thanki kapena ya nsanja imene ili mkati mwa malirewa isadindidwe mpaka a za ndege ataiona. Koma kuyenda ndi pepalalo kukhale kwa maofesi, osati kwa mkazi wamasiye kuti akwere basi ya ku Lusaka. Muikenso masiku oti yankho lizikhala litabwera, chifukwa pulani ikagona miyezi isanu m'kabati munthu amangoyamba kumanga.

4. Khalani pansi ndi mafumu, anduna ndi mafumu a midzi yozungulira bwalo, muwasiyire mapu, kuti pogawa malo azichenjeza anthu. Ogulitsa mapuloti nawonso akakamizidwe kulemba m'kalata ya mgwirizano kuti malowo ali ndi malire a kutalika.

5. Nenani poyera ngati pali maganizo otalikitsa msewu wa ndege kapena kuikapo zipangizo zotsogolera potera, ndipo malire amene mutionetse akhale a bwalo la mawalo, osati la lero lokha.

6. Amene anamanga ali ndi chilolezo, kenaka n'kuuzidwa kuti atsitse kapena agwetse, athandizidwe pa zimene ataya. Gawo 16 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza katundu wa munthu kuti asalandidwe popanda chipukutamisozi. Ine sindine loya kuti ndinene ngati kudula sitandi kuli m'gulu limenelo, koma chilungamo chake n'choonekeratu: wolakwitsa ndi amene anadinda osayang'ana. Ndipo lamulo loti munthu atsitse chinthu lizibwera pa pepala, lolembedwa miyeso yake ndi kumene angakadandaule ngati sakukhutira, osati pakamwa pokha.

7. Yenderani nsanja ndi zina zonse zazitali zimene zaima kale, muone utoto ndi nyali, ndipo eni ake akonze. Zimene munaziloleza mutaziunika, lembani poyera kuti munaziloleza, kuti manong'onong'o athe.

8. Gwiritsani ntchito mawailesi a kuno, monga Breeze FM ndi Radio Maria, makamaka nyengo yotentha tchire isanafike, kufotokoza za utsi, zinyalala, mitengo yaitali ndi tindege tojambulira. Muitanenso ife amisiri, owotcherera zitsulo ndi okumba maboholo ku msonkhano wa tsiku limodzi. Ndife amene timafika pa puloti bwana aliyense asanafike, ndipo mwini nyumba amamva mawu athu msanga kuposa kalata ya ku ofesi. Mukatiphunzitsa ife mwaphunzitsa komboni yonse.

Ndidziwa kuti mudzati ndalama n'zochepa. Ndivomera, koma pa zisanu ndi zitatuzi zambiri sizifuna bajeti yaikulu. Miyeso ya bwalo akatswiri anu ali nayo, apo ayi abambo aja sakanadziwa kuti thanki yalowa m'njira. Chimene chatsala ndi kuitulutsa m'kabati.

Kwa anzanga amene muwerenge kalatayi pafoni: ngati muli ndi puloti cha kubwalo la ndege, kapena pachitunda choyang'anana nalo, musathire konkire ya nyumba yosanja musanafunse za kutalika, ndipo yankho mulipemphe pa pepala. Tumizirani kalatayi khansala wanu ndi mfumu ya kwanu. Inenso kuyambira tsiku lija sindiimika sitandi kumeneko popanda kuuza mwini wake zimene ndinaona, ngakhale ena amaganiza kuti ndikufuna kuwaopseza kuti ndikweze mtengo.

Zitsulo zimene tinadula zija zikadali kuseri kwa nyumba ya mlamu wanga, zayamba dzimbiri. Sabata yatha anandiitana, wagula mbande zinayi za mango, afuna kubzala mvula ikagwa. Anandifunsa ngati mango akakula sadzabweretsanso galimoto ija. Ndinamuyankha kuti ndikafunsa kwa eni ake a nkhaniyi, ndipo ndi inu. Mbandezo zili m'machubu pakhonde, tikuzithirira, tikudikira yankho lanu.

Ine wanu mwaulemu,

Mmisiri womanga nyumba
Chipata